Makina a milomo inayi ku Senga Bay

Mvula ikangogwa kawiri katatu mu Disembala, udzu wa kuno kunyanja suchedwa. Utchetche Lolemba, pofika Lolemba linalo wayamba kale kukukanda m'akakolo ngati sunapondepo. Dothi lake ndi lamchenga, moti munthu wobwera mu Okutobala angalumbire kuti pano sipamera kanthu, koma kutentha kwa ku Salima kukakumana ndi madzi, chilichonse chimene chinagona pansi chimadzuka tsiku limodzi. Ine ndimadyera udzu umenewu. Ndimasamalira mayadi 6 ku Senga Bay: nyumba zisanu za anthu okhala ku Lilongwe omwe amangobwera kudzapuma, ndi kaloji kamodzi ka m'mphepete mwa nyanja. Pantchitopo tilipo atatu, ine, mwana wa achemwali anga, ndi madala ena amene anandiphunzitsa kugwira chikwakwa ndili mnyamata, omwe mpaka lero sanavomereze kuti makina amadziwa kutchetcha.

Anthu angapo akhala akundiimitsa panjira, ena ku Kamuzu Road ndikugula oyilo, kufunsa za makina anga otchetchera udzu, kumeta mpanda ndi kudula nthambi, omwe amamasulidwa pakati. Funso lawo ndi limodzimodzi: kodi ndi ogula, kapena n'kutaya ndalama? Miyezi yoyamba ndinkayankha msanga kuti gulani. Kenako inafika nthawi imene ndinkati musayerekeze. Masiku ano ndimayamba ndafunsa kuti munthuyo ali ndi udzu wochuluka bwanji, nanga manja ogwira ntchito ndi angati.

Ndinawagula mu Okutobala 2023 m'shopu ina ku Lilongwe, patatsala milungu yochepa kuti kwacha igwe ndi 44 peresenti mu Novembala. Nditamva mitengo yatsopano ndinadziona wochenjera kuposa Senga Bay yense. Kwa amene sanawaonepo, mapangidwe ake ndi otere. Kumbuyo kuli injini yaing'ono ya petulo, yanga ndi ya 52cc, yolumikizidwa ku paipi yaifupi. Ife timaitchula kuti mutu. Kumapeto kwa paipiyo kuli chomangira chopotokola ndi dzanja, ndipo pamenepo umalowetsapo paipi ina yokhala ndi chida chimene ukufuna nthawi imeneyo. Zida zimenezo ndiye milomo. M'kati mwa mapaipi onse awiri mumadutsa kachitsulo kakatali kozungulira, shafuti, ndipo pokumanira pake pali mano olowana, kuti injini ikamazungulira kumbuyo mlomo uzidya kutsogolo. Pabokosi analemba kuti 4 in 1, koma ukatsegula umapeza milomo itatu yokha: wometera mpanda, wa sowo ya tcheni yodulira nthambi za m'mwamba, ndi wotchetchera, umene amauwerenga kawiri chifukwa umatha kuvala chingwe cha nayiloni kapena mpeni wa mano atatu. Masamu a ogulitsa amenewo.

Makampani akuluakulu nawo ali ndi makina oterewa. A Stihl a ku Germany amawatcha KombiSystem, a Husqvarna a ku Sweden ndi a Makita a ku Japan alinso ndi awo, ndipo milomo yake ndi yambirimbiri, wina wouluzira masamba ndi mphepo, wina wosesera, wina wotipulira dothi la maluwa. Ndinafunsako mtengo wa mutu wokha wa mtundu wina wotchuka, ndipo nditaumva ndinathokoza mwaulemu n'kutuluka. Angawa ndi a ku China, a dzina limene sindinalionenso kwina kulikonse.

Choyamba chimene ndinawakondera chinali kanyamulidwe. Mayadi anga ndi otalikirana, ena ali cha ku Kambiri, ena mbali ya kumsika. Brush cutter wamba, ija yongotchetchera udzu basi, ndi yaitali pafupifupi msinkhu wa munthu wamkulu, ndipo ukaimanga chopingasa panjinga umayambana ndi aliyense wokumana naye m'tinjira ta mchenga. Awa ukawamasula pakati umangokulunga zidutswazo m'chiguduli n'kumanga pakaliyala. Wa kabaza sakuwonjezera mtengo.

Koma mlomo umene unabweza ndalama zanga ndi wa sowo. Pafupifupi yadi iliyonse kuno ili ndi mitengo ikuluikulu ya mango kapena nimu, ndipo eni nyumba amafuna mthunzi koma safuna nthambi pamalata. Mwera ukayamba mu Juni, n'kumawomba mpaka Ogasiti, nthambi zouma zimagwa usiku, m'mawa foni n'kulira. Kale ndinkakwera ndekha, chikwanje kudzanja lamanja, lamanzere litakolowekera nthambi, nyerere zofiira zija zomanga zisa ndi masamba a mango zili kalikiliki m'khosi. Tsiku lina ndinagunda chisa cha mavu ndili pamwamba, ndipo mmene ndinatsikira sindikumbuka. Tsopano ndimawonjezera paipi yotalikitsira n'kudula nthambi ya mamita atatu kapena anayi m'mwamba, mapazi ali pamchenga. Ndi yolemera, mapewa amawotcha, ndipo uyenera kuyamba wacheka pang'ono kunsi kwa nthambi usanadule pamwamba, apo ayi imang'ambika n'kusenda khungwa mpaka pathunthu. Tcheni chimafuna oyilo wakewake m'kathanki ka pamlomo pomwepo, ndipo chikabuntha chimangotulutsa fumbi losalala m'malo mwa tizibenthu ta mtengo, ndiye wadziwa kuti nthawi ya tupa yakwana. Zonsezo ndi zopepuka ukaziyerekeza ndi kugwa mumtengo uli ndi ana kusukulu.

Apa m'pamene pali nzeru yeniyeni ya makinawa, ndipo wogulitsa uja sanaitchule n'komwe. Sowo imeneyi pachaka ndimaigwiritsa ntchito masiku owerengeka. Ikanakhala ndi injini yakeyake, injiniyo bwenzi ikungokhala miyezi ingapo osalizidwa, ndipo injini zing'onozing'onozi zimafa ndi kukhala kuposa kugwira ntchito. Petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol, wina wake wochokera ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, kumene akhala akumutcheza kuchokera ku zotsalira za shuga kuyambira 1982. M'galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto. Koma ethanol amakoka chinyontho, ndipo kunyanja kuno chinyontho sichisowa. Petulo akagonera m'kabureta nthawi yaitali amasiya zomatamata m'timabowo, timalabala topyapyala ta m'katimo timauma, ndiye tsiku limene ukuifuna umakoka chingwe mpaka phewa kuguluka, injini ili duu. Mutu wolira sabata iliyonse petulo wake sagonera. Pulagi ndi imodzi, sefa ndi imodzi, kabureta ndi imodzi, ndipo ndalama ya injini ziwiri zinazo yakhala m'thumba.

Pa mlomo wometera mpanda ndili ndi mitima iwiri. Pa mpanda wautali woposa munthu ndi mpulumutsi, chifukwa mpeni wake umapindika n'kumeta pamwamba iwe uli pansi, popanda makwerero. Pa timipanda tafupitafupi ta maluwa m'mbali mwa njira ya ku loji ndi chimtolo chabe. Kulemera konse kuli kutsogolo, kutali ndi thupi, ndipo pomaliza mzere umodzi umapeza madala aja amaliza wawo ndi sizasi, wowongoka kuposa wako. Amangoyang'ana n'kuti, "Pitirizani bambo, mwina uwongoka wokha ndi mvula."

Ndi mlomo womwewu umene unatikumbutsa kuopa nkhadze. Yadi ina ili ndi mpanda wa nkhadze kuseri, ndipo tonse timadziwa kuyambira tili ana kuti utomoni wake woyera uja ukalowa m'maso ndi moto. Ndi chikwanje umadula nthambi imodzi, utomoni n'kudonthera pansi. Makina amadula timinthambi tambirimbiri nthawi imodzi, pamwamba pa mutu wako, utomoni n'kumwazika ngati mvula yowaza. Mwana wa achemwali anga anali atavula magalasi chifukwa cha thukuta. Ndinangomva, "Amalume, maso!" Tinamutsuka ndi ndowa ziwiri za madzi tikumutsegula zikope mokakamiza, kenako ulendo wa kuchipatala pa njinga yamoto. Anachira, koma masiku atatu anabindikira m'nyumba akuthawa kuwala, ndipo zimene anandiuza achemwali sindingazilembe pano. Wolakwa ndinali ine, amene ndinamupatsa makinawo ndikudziwa mpanda umene akukameta. Nkhadze tinabwerera nayo ku chikwanje.

Kutchetcha kwenikweniko kunkayenda bwino, bola osaiwala kuti chingwe cha nayiloni chimagenda timiyala ngati legeni. Galasi limodzi la zenera ndinalipira ndisanaphunzire kutchetcha chofulatira nyumba. Chingwecho chikakhalitsa pamalo otentha chimauma n'kumaduka pafupipafupi, ndiye ndimachiviika m'ndowa ya madzi usiku kuti chifewe. Mvula yoyamba tinaidutsa choncho, ine ndikuuza aliyense kuti agule.

Mavuto anadza mu Disembala 2024, sabata ya Khirisimasi, eni nyumba onse asanu ataimba kuti akubwera, wina ndi apongozi, wina ndi alendo ochokera kunja. Aliyense akufuna kapinga wometedwa, mpanda wowongoka, nthambi yolendewera poimika galimoto ichoke. M'mawa umenewo ndinaona chimene ndinayenera kuona m'shopu muja, kuti milomo ilipo itatu, anthu tilipo atatu, koma injini ndi imodzi. Ine ndikamatchetcha, sowo ndi chometera zili gone pansi pa mtengo. Mnyamata uja atatopa kudikira anati, "Amalume, paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ankanena mutu wanuwu." Tinaseka, iye n'kutola chikwakwa.

Masana a tsiku lachiwiri, ndili pakati pa udzu wokhwima, injini inakuwa mokweza kuposa masiku onse koma mpeni unaima. Nditamasula pakati paja ndinapeza mano a shafuti atatha, asalala ngati mpini wa khasu lakale. Chinawadya ndi mchenga. Nthawi iliyonse posintha mlomo tinkaugoneka pansi, kukamwa kwa paipi kuli yasa, mchenga n'kumakakamira pa girisi. Girisi wosakanikirana ndi mchenga sasiyana ndi tupa. Chaka chathunthu tinkapera tokha shafuti yathu osadziwa. Ndipo poti mano otheratuwo anali a mbali ya mutu, sikunali kutchetcha kokha kumene kunaima. Sowo inafa, chometera chinafa, zonse ola limodzi. Munthu wa makina atatu osiyana akanangotaya amodzi, ena awiri n'kumapitiriza.

Pa boma la Salima, makilomita pafupifupi 20 kuchokera kuno, ndinazungulira mashopu a zitsulo osapeza kanthu. Ndinatuma mnzanga woyendetsa minibasi ya ku Lilongwe, ulendo wa makilomita ngati 100 kuchokera pa bomapo, ndipo mawa lake anabwera ndi shafuti yatsopano yonyezimira. Sinalowe. Yanga inali ya mano 9, iyi ya mano 7. M'pamene ndinadziwa kuti makina a mtundu umenewu, ngakhale amafanana ngati mapasa, ena mapaipi awo ndi a 26 mm ena a 28 mm, ena shafuti ndi ya mano 7, ena 9, ena nsonga yake ndi ya makona anayi. A makampani otchuka aja nawonso kawirikawiri milomo yawo silowa pa mutu wa kampani ina. Ukagula mutu wa Stihl ndiye kuti wakwatira kubanja la a Stihl. Wowotcherera wina anayesa kuunjika chitsulo pa mano akalewo n'kuwasema ndi tupa. Anagwira mphindi zochepa, makina akunjenjemera mpaka zala kuchita dzanzi, kenako anaphwanyika. Khirisimasi imeneyo tinaimaliza ndi zikwakwa zitatu ndi aganyu awiri. Madala aja sananene kanthu, koma tsiku lonse ankaimba mluzu. Shafuti yoyenera inafika mu Januwale.

Podikirapo ndinabwereka brush cutter wamba kwa mnzanga, ndipo inandionetsa chinthu china. Yakeyo ndi yosaduka pakati, shafuti imodzi kuchokera ku injini mpaka kumpeni, ili ndi mahandulo awiri ngati a njinga ndi lamba wa m'mapewa onse awiri. Umangopotoza chiuno, mpeni n'kumasesa uku ndi uku, ngati mmene munthu amachitira ndi chikwakwa koma osawerama. Anga oduka pakatiwa ali ndi chogwirira chimodzi chozungulira, chifukwa mahandulo a njinga sangakulole kuimika sowo m'mwamba. Anawapanga kuti azilawa ntchito iliyonse. Pa kapinga wa pakhomo, ola limodzi kapena awiri, kusiyana sukumva. Pa udzu wofika m'chifuwa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, msana umakuuza wokha. Komanso maola onse a ntchito zonsezo akugwera injini imodziyo, ndiye imakalamba msanga kuposa mmene zikanakhalira zitagawana.

Poti ndayamba kuulula, ndinene ndi za oyilo zomwe. Injini zimenezi ndi za two-stroke, zilibe mosungira oyilo, amathiridwa m'petulo momwemo. Kabuku ka angawa kamati 25:1, kutanthauza mamililita 40 pa lita imodzi. A makampani otchuka, pogwiritsa oyilo wawo wabwino, amati 50:1, mamililita 20 pa lita. Kuno oyilo wosavuta kumupeza ndi wa injini za maboti, poti asodzi a usipa amamugula tsiku ndi tsiku, ndipo pabotolo lake palembedwanso two-stroke. Ndinathira ameneyo miyezi ingapo. Makaniko wina wa njinga zamoto ndiye anandiletsa. Injini ya boti imazizira ndi madzi a m'nyanja, pamene yathuyi imadalira mphepo yokha ndipo imatentha kwambiri, nanji mu Okutobala wa ku Salima, choncho imafuna oyilo wopangira injini zozizira ndi mphepo. Kuyeza ndi diso ndinasiyanso, ndimayezera jakisoni wopanda singano.

Nthawi za kusowa kwa mafuta zija, pamene pa filing'i sitesheni ankakana zigubu, ndinaganizako za makina a batire. Alipo a mtundu womwewu, mutu wa batire ndi milomo yosinthasintha, ndipo mwini loji angasangalale chifukwa alendo ake sakonda kudzutsidwa ndi injini. Koma pa udzu wokhwima batire limatha msanga, pamafunika awiri kapena atatu, ndipo ngakhale boma lathu lomwe lino lili ndi magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Nanjoka kuyambira 2021, amenewo amalowa m'mawaya a dziko lonse, kwathu kuno n'kumathimabe. Munthu wa yadi imodzi, wokhala ndi sola padenga, angakhale nawo bwino. Ine ndi mayadi anga 6 ayi.

Mvula ya 2025 isanathe ndinagula brush cutter yogwiritsidwapo kale ntchito, yosaduka pakati, ya mahandulo a njinga. Imeneyo ndiyo imadya udzu tsiku ndi tsiku. Makina a milomo aja tsopano amavala sowo kapena chometera, mnyamata uja n'kumameta mpanda ine ndikutchetcha, ndipo yadi imene tinkathera tsiku lonse timachokapo dzuwa lili paliwombo. Mlomo wawo wotchetchera uli pakhoma kudikira tsiku limene inayo idzadwale. Kawirikawiri sabata siitha osawaliza, koma ndikadziwa kuti akhalitsa ndimakhuthula thanki n'kuwasiya alire mpaka azime okha.

Ndiye wondiimitsa ku Kamuzu Road ndimamuuza kuti, ngati muli nokha, yadi ndi yanu kapena ndi ziwiri zitatu, muli ndi kapinga pang'ono, mpanda ndi mitengo ingapo, gulani. Ngati udzu ndiwo nsima yanu ndipo muli ndi anthu owalipira, ndalama yoyamba ipite ku makina otchetchera okhaokha, a milomowa abwere pambuyo. Ndipo musanapereke ndalama, muuzeni wogulitsa amasule pakati muwerenge mano nokha, mufunse ngati shafuti, chomangira ndi magiya a kumlomo amazisunga pashelefu. Akayamba zoti "tidzaitanitsa", bwezani chikwama m'thumba.

Palinso udzu umene makina a mtundu uliwonse sayenera kuukhudza. Poloti ina yopanda nyumba imene ndimayang'anira imamera udzu wabwino wa tsekera, ndipo amayi a m'mudzi wapafupi amaumweta ndi zenga ukauma, kukafolera nyumba ndi kumangira mipanda. Chaka choyamba ndinaupera wonse ndi mpeni mu Epulo, ndikunyadira liwiro. Mayi wina wachikulire anandipeza ndikupukuta makina, anayang'ana polotiyo kanthawi, n'kuti, "Bambo, mwatchetcha denga langa." Ndinasowa poyang'ana. Tsopano ndimangolambula m'malire chifukwa cha moto ndi njoka, pakati ndimawasiyira.

Mnyamata uja akundiumiriza kuti ndigule mlomo wotipulira dothi, ati tizilima nawo timabedi ta maluwa ku loji. Madala aja anamufunsa kuti khasu lalakwa chiyani, ndipo mpaka pano sanayankhe. Kukamwa kwa mapaipi timakutseka ndi masokosi akale tikangomasula, ndipo mlomo sugonanso pamchenga, timaukoleka panthambi. Shafuti ya mano 7 ija ikadali kwathu, yatsopano, sinazungulirepo. Amene ali ndi makina a mano 7 abwere adzaione, mtengo tidzamvana.